Google Street View: Imathandiza Kupeza Njira, Koma Imajambula Isanapemphe

Google Street View ndi mbali ya Google Maps (mapu a pa intaneti a kampani ya Google) imene imaonetsa zithunzi za misewu monga mmene munthu woyenda pansi angaionere. Inayamba mu 2007 m'mizinda ingapo ya ku America, kuphatikizapo San Francisco ndi New York, ndipo ku South Africa inafika mu 2010, mpikisano wa World Cup utatsala pang'ono kuyamba. Zithunzizi zimajambulidwa ndi makamera omangidwa padenga la galimoto, kapena obereka kumsana kumalo kumene galimoto singalowe.

Pa nkhani yolondolera njira ndilibe dandaulo. Mlendo amene waitanidwa kuntchito m'dera la Johannesburg lomwe sanafikeko akhoza kuoneratu geti, mtundu wa nyumba ndiponso poima minibasi asanatuluke pakhomo, ndipo salipira kanthu kupatula bandulo ya intaneti.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi anthu amene amapezeka m'zithunzimo popanda kufunsidwa. Kuyambira mu 2008, Google imaphimba nkhope za anthu, ndipo manambala a galimoto nawonso amaphimbidwa, koma ntchitoyi imagwiridwa ndi kompyuta, yomwe nthawi zina imaphonya. Ngakhale pamene yaphimba bwino, munthu sadziwika ndi nkhope yokha, chifukwa anansi amazindikira msinkhu, zovala ndiponso khomo limene waimapo. Kwa mayi amene anathawa nkhanza za m'banja, kapena munthu amene kamera yamupeza akulowa kuchipatala chomwe sanafune kuti abale ake adziwe, kuphimba nkhope sikuthetsa mantha.

Mbiri ya ntchitoyi imasonyeza kuti kampaniyi imagonja makamaka kumene anthu akweza mawu. Ku Japan anthu anadandaula kuti kamera inkasuzumira pamwamba pa mipanda ya nyumba, ndipo mu 2009 Google inavomera kuitsitsa ndi masentimita 40 n'kujambulanso misewu. Ku Germany mabanja oposa 244,000 anapempha kuti nyumba zawo ziphimbidwe zithunzi zisanatuluke mu 2010, ndipo panapita zaka zoposa khumi kuti zithunzi zatsopano za dzikolo zioneke mu 2023. Kumaiko ena ambiri munthu amadandaula chithunzi chili kale pa intaneti, zomwe ndimaona kuti si chilungamo, pakuti mpanda wa ku Soweto umamangidwa pa chifukwa chimodzimodzi ndi wa ku Hamburg, ku Germany.

Nkhani imene inawononga kwambiri chikhulupiriro inali ya mu 2010, pamene Google inavomera kuti magalimoto ake ojambula ankatolanso uthenga wodutsa pa Wi-Fi ya m'nyumba za anthu yomwe inalibe pasiwedi. Kampaniyi inati zinachitika mwangozi, komabe mu 2013 inavomera kulipira madola 7 miliyoni pothetsa nkhaniyi ndi zigawo 38 za ku America, ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi chuma chake.

Njira yodandaulira ilipo ndipo siyovuta: munthu amatsegula chithunzi cha nyumba yake, n'kusankha pamene palembedwa kuti "Report a problem", kenaka n'kusonyeza chimene akufuna kuti chiphimbidwe. Komabe njirayi imathandiza okhawo amene akudziwa kuti anajambulidwa, ndipo popeza kuyambira mu 2014 Street View imalola kuonanso zithunzi za zaka zakumbuyo, sikokwanira kuyang'ana chithunzi chatsopano chokha. Amene akufuna kuphimbitsa nyumba ayambe aganiza mofatsa, makamaka ngati pakhomopo amachitirapo malonda kapena akuganiza zodzagulitsa nyumbayo, chifukwa Google imanena kuti ikaphimba nyumba siidzaivundukulanso.