Makamera olankhula pakhomo pa amayi ku Mufakose, patatha miyezi 10

Mu Meyi chaka chatha ndinamanga makamera awiri panyumba ya amayi ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ina pageti, ina m'chipinda chochezera. Chimene chinandipititsa kusitolo ndi akuba, amene anadumpha mpanda kwa aneba n'kunyamula silinda ya gasi ndi batire la sola. Koma mutandifunsa lero ntchito imene makamerawa agwira, akubawo sindingayambe nawo. Chandigwirira ntchito kwambiri ndi kasipika ndi kamaikolofoni kamene kali m'kati mwake, kamene wogulitsa anangokatchula mongodutsa.

Amayi ali ndi zaka 82. Anachoka ku Dedza mu 1962 kutsatira malemu bambo, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mzinda uno ukutchedwabe Salisbury. Foni yosisita pagalasi inawakanika, ndipo yamabatani amaisunga pansi pa pilo pomwe sayimva ikamalira. Ine ndimagwira ntchito ku Msasa, ulendo wa makombi (maminibasi) awiri, achemwali anga ali ku Johannesburg. Masana onse mtima unkakhala m'mwamba.

Kulumikiza kunandidyera madzulo athunthu, ndipo zopinga zake zinali zitatu. Choyamba, makamera otchipa ambiri amagwira Wi-Fi ya 2.4 GHz yokha, pomwe foni yanga inali pa 5 GHz. Ndinaonetsa kukamera QR code, kachizindikiro kolumikizira kamene kamaoneka pafoni, kangapo konse osatheka, mpaka nditasamutsira foni pa 2.4 GHz. Chachiwiri, chithunzi chitabwera, mawu anga sankatuluka, chifukwa pulogalamu ya kamerayo ndinali ndisanaipatse chilolezo chogwiritsa ntchito maikolofoni ya foni. Zimenezi zimakonzedwa m'masetingi a foni, osati a kamera. Chachitatu n'chakuti ndinayesa nditaima pafupi ndi kamerayo, inalira mluzu wobaya m'makutu. Sikuti yafa ayi. Mawu otuluka pasipika amalowanso pamaikolofoni ya foni n'kumangozungulira. Mukafuna kuyesa, tulukani panja, wina akhale m'nyumba.

Chimene ndikanakonda wina akanandiuza ndisanagule ndi ichi: kulankhulana kwake kuli mitundu iwiri. Makamera ena amalola nonse kulankhula nthawi imodzi ngati pafoni, ndipo pabokosi amalemba kuti full duplex. Ena, monga angawa, ndi a half duplex: umakanikiza batani, kulankhula, kulisiya, kenako n'kumvera, ngati mawayilesi a alonda aja. Ukaiwala kusiya batani, mnzako amangolankhula ndi khoma. Onjezanipo kuchedwa kwa mawu, kumene kwa ife kumakhala ngati kamphindi kopuma kawiri, nthawi zina kupitirira netiweki ikadzaza madzulo. Kwa munthu wachikulire wozolowera kuyankha "eya, eya" mnzake akulankhula, zimenezi n'zosokoneza kwambiri. Sabata ziwiri zoyambirira tinkangodulana mawu.

Koma vuto lalikulu silinali la makina. Tsiku loyamba nditalankhula ndili kuntchito, ndinangoyamba ndi "Amayi, mwamwa mankhwala?" Ndinawaona akudzidzimuka, kapu ya tiyi kutayikira pachitenje. Madzulo nditafika anandikhazika pansi. "Mwanawe, munthu salowa m'nyumba mwa mnzake osaodira. Kaya ndi iwe, kaya ndi khomalo likulankhula, liyambe laodira." Zinandilowa mumtima, chifukwa ananena zoona. Ndinkawaona iwo osandiona, ndinkawalowera m'nyumba nthawi imene ndafuna ine. Kuyambira tsiku limenelo ndimati "Odi, amayi," n'kusiya batani, n'kudikira. Akati "Odini," ndipamene ndimawapatsa moni, za mankhwala zimabwera pambuyo. Akapanda kuyankha koma ndikuwaona ali bwino, akusoka kapena akumvera wailesi, ndimatseka pulogalamuyo. Tinagwirizananso nthawi: 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana. Tsopano nthawi zimenezi ndimawapeza atakhala kale pampando woyang'anizana ndi kamera, duku atamanga bwino.

Nkhani ya odiyi inanditsegula maso pa chinthu china. Ukangotsegula pulogalamu, umamva zonse za m'chipindamo ngakhale usanalankhule. Pali mayi amene amabwera katatu pasabata kudzachapa ndi kukolopa, komanso amayi a ku Chigwirizano amene amadzacheza Lachinayi. Anthu amenewa amakamba zakukhosi kwawo, ndipo si za ine kumva. Ndinawauza onse kuti kamerayo imamva, ndinaitembenuza kuti isaloze khomo la kuchipinda chogona, ndipo ndinaphunzitsa mdzukulu kuiphimba alendo akabwera. Kujambula mawu pa memory card ndinazimitsa m'nyumbamo, ndinasiya pageti pokha. Zimbabwe ili ndi lamulo la Cyber and Data Protection Act la mu 2021, limene POTRAZ, bungwe la boma loona za matelefoni, imayang'anira, koma ngakhale likanapanda kukhalapo, kumvetsera anthu mobisa n'chinthu chimene kwathu sitichita. Pasiwedi yobwera ndi kamera ndinaisintha tsiku lomwelo, ndipo achemwali ndinawaitanira pa akaunti yawoyawo m'malo mowapatsa yanga.

Ya pageti yathandiza m'njira ina. Wobweretsa madzi kapena gasi akafika n'kunena "Tisvikewo," amene ndi odi wa kuno, ndimamuyankha m'Chishona ndili ku Msasa, kumuuza pomwe asiye katundu, ndalama n'kumutumizira pa EcoCash, amayi osavutika kuyenda mpaka kugeti ndi ndodo. Komabe yapanjayi ndi imene yakalamba msanga. Mphepo ya mu Ogasiti inkangouluza mawu, ndipo fumbi linatseka kabowo ka maikolofoni moti anthu ankamveka ngati akulankhulira m'chidebe. Ndinapukuta ndi mswachi wofewa, zinabwerera, koma osati ngati poyamba. Musalowetsemo singano, mungaboole kansalu kotchinga madzi. Mvula itayamba mu Novembala, kulira kwa malata a pakhonde kunkameza mawu onse. Akangaude nawo amakonda kuluka pamaso pake, chifukwa tizilombo timasonkhana pa timagetsi take toonera usiku.

Za magetsi nonse a ku Harare mukuzidziwa. Akathima, rauta ya Wi-Fi imafa, kamera imafa, ndipo foni imangozungulira. Ndinagula kabatire kakang'ono ka rauta, mini UPS, kenako kena ka kamera ya m'nyumba. Kumayambiriro timabatire timeneti tinkapirira kuthima kwa masana, koma pano tikutha msanga, ndipo tsiku limene magetsi achoka m'bandakucha n'kubwera usiku, sitifika madzulo. Data nayo imapita: chithunzi cha 1080p chikamadya 2 Mbps, ola limodzi ndi pafupifupi 900 MB. Ndinatsitsa chithunzi kukhala chosaoneka bwino kwenikweni, ndipo ndinadabwa kuti mawu anasiya kudukaduka.

Mu Januwale, tsiku lina 3 koloko, ndinaodira koma sanayankhe. Anali ataima atagwira kabati, mutu atazyolika. Ndinalankhula pang'onopang'ono, ziganizo zifupizifupi, n'kumasiya batani: "Amayi, ndine. Khalani pansi pomwepo. Musayende." Anakhala. Anati chizungulire chawagwira. Ndinaimbira mayi a nyumba yoyandikana nayo, amene ali ndi kiyi wathu, ndipo ndinkayankhulabe ndi amayi mpaka ndinawaona akulowa. Kukiliniki anapeza kuti BP inatsika kwambiri, anawasinthira mankhwala. Tsiku limenelo magetsi analipo. Akanakhala kuti palibe, wowaona akanakhala mayi a pafupiwo, ndiye kiyi uja sindidzawalanda, ndipo amadutsabe masana aliwonse.

Kodi ndingagulenso? Ya m'nyumba inde, koma ya full duplex, ndipo ndisanalipire ndingapemphe wogulitsa ayiyatse ndimve kukula kwa sipika yake, pakuti makutu a amayi ayamba kugontha ndipo iyi ndaikweza kale mpaka pamapeto. Ya pageti ndingafune yokhala ndi chizindikiro cha IP66, chosonyeza kuti siilowa fumbi ndi mvula, ndi kuimanga pansi pa kadenga kosakhala ka malata.

Johannesburg ndi Harare nthawi ndi imodzi, choncho achemwali anadzitengera 7 koloko madzulo akaweruka. Lamlungu lapitali ndinali komweko ndikutsuka mbale, ndinamva kamera ikuti "Odi, amayi." Amayi anatsitsa wailesi, kukoka mpando, n'kuyamba kufotokoza za maliro a ku Mbare amene anapitako Lachisanu, omwe anafika ndi omwe sanafike.