Loka ya difu: yodzitseka yokha kapena ya mpweya?

Aliyense amene amayenda m'misewu ya ku Vubwi kapena kutsikira kuchigwa cha Luangwa m'nyengo ya mvula amadziwa mmene tayala limodzi limazungulirira pachabe m'matope, linzake lili phee pouma. Loka ya difu (difu ndi bokosi la magiya lomwe limagawa mphamvu ya injini kumatayala awiri) imakakamiza matayala onse awiri kuzungulira limodzi, koma munthu wa m'thumba mochepa ayenera kusankha mosamala.

Loka yodzitseka yokha, monga Lock-Right kapena Aussie Locker, ndi yotsika mtengo chifukwa imangolowa m'malo mwa timagiya ting'onoting'ono ta m'kati mwa difu, moti makaniko wodziwa ntchito ku Kapata mumzinda wa Chipata angathe kuiika osakhudza kachunidwe ka magiya akuluakulu. Kuipa kwake kumaonekera pamsewu wa tala, pakuti pokhota imamveka kuti ke-ke-ke, ndipo matayala amaperepeseka msanga.

Ya mpweya, monga ya ARB, imatseka pokhapokha mwadina batani, choncho pa Great East Road galimoto imayenda mwachibadwa. Komatu imafuna kompresa yopopa mpweya, timapaipi ndi katswiri woiika, ndipo kapaipi kakabooka kutchire, loka sigwiranso.

Kwa Hilux yonyamula fetereza ndi chimanga kumidzi, ine ndingasankhe yoyambayo, ndi kuiika kumbuyo kokha.