Chikuku chathuchathu kapena cha hayala? Zimene ndaona nyengo ya mapaki itatha

Mapaki a masewera atangotsegula mu Marichi, ndinalemba kuti tagula kachikuku ka mwana kopepuka, kogwirapo kale ntchito, pa Facebook Marketplace pa mtengo wa mapaundi 40. Cholinga chinali choti tileke kuchita hayala chikuku tikapita ndi ana kokasangalala. Amayi angapo anandifunsa kuti kodi si kudzivutitsa chabe kumeneko, kukoka chikuku kuchokera kunyumba pomwe pa geti pomwepo ungolipira pang'ono n'kupatsidwa china. Ndinalonjeza kuti ndidzayankha nyengo ikatha. Pano ndi Novembala, mapaki ambiri kuno ku England atseka zokwera zawo zambiri mpaka chaka chamawa, ndipo kachikuku kaja kaona dzuwa, mvula ndi matope zokwanira.

Yankho langa ndi ili: malinga ngati mwana wanu akadagonabe masana, tengani chanu. Hayala ili ndi malo ake, ndifikako, koma si ya mwana wa msinkhu umenewo.

Ndinene kaye za ana athu, poti nkhani yonse yagona pa msinkhu wawo. Wamkulu ndi mtsikana wa zaka 5. Wamng'ono ndi mnyamata, anali atangoyamba kuyenda dedede pamene tinkagula chikukucho, pano watsala pang'ono kukwanitsa zaka 2. Tili ndi Merlin Annual Pass, chiphaso cha chaka chonse chimene chimalowetsa ku Legoland Windsor, Alton Towers ndi Chessington World of Adventures, ndiye kumeneko n'kumene tapondako kwambiri. Paultons Park ya ku Hampshire, komwe kuli Peppa Pig World, si ya kampani ya Merlin, tinalipira payokha.

Chimene anthu ambiri saganizira n'chakuti chikuku cha hayala chimayambira pa geti n'kutheranso pa geti. Ulendo wa mwana suyambira pamenepo. Ku Alton Towers malo oimika magalimoto ali patali ndi khomo, moti pali sitima ya njanji imodzi yonyamula anthu, apo ayi muyende pansi. Ku Chessington, mukabwera pa sitima yochokera ku London Waterloo, mumatsikira pa Chessington South n'kuyendabe kamtunda m'mbali mwa msewu. M'mawa zimenezi sizioneka ngati kanthu, ana amakhala akudumphadumpha ndi chimwemwe. Kaoneni madzulo. Mwana wagona tulo tofa nato, chikwama cha matewera chili paphewa, majekete anyowa, wamkulu akulira kuti miyendo ikupweteka, ndipo munthu wa hayala akudikira kuti mutsitse mwanayo mubweze chikuku chake. Ndaona makolo ambiri pa geti akudzutsa mwana amene wangogona kumene, kulira kwake kumveka mpaka ku magalimoto. Ife wamng'onoyu timangomukankha ali mtulo mpaka pa chitseko cha galimoto, bambo ake n'kumunyamula pang'onopang'ono kumuika pa mpando wake. Nthawi zambiri sadzidzimuka n'komwe. Kwa ine mapaundi 40 aja anabwerera pamenepa.

Kenako nkhani ya tulo ta masana. Zikuku za hayala zimene ndaona m'mapaki ambiri n'zapulasitiki yolimba, zopangidwa kuti zipirire ana mazanamazana ndi kutsukidwa msanga. Mpando wake sugonekeka chagada, ulibe chofewa, ndipo n'za mwana amene amatha kukhala tsonga yekha. Khanda losakwana miyezi 6 limafunika kugona mowongoka, choncho ngati muli ndi wakhanda, za hayala musaziwerengere n'komwe. Pa paki ina, imene sinditchula dzina, tinachita hayala tsiku limene galimoto inadzaza ndi alendo ochokera kumudzi moti chathu chinasowa malo. Itakwana 1 koloko mnyamata wathu anayamba kusinza. Mutu unkangogwera kutsogolo, lamba n'kumukanikiza pamimba, akadzidzimuka n'kulira, akasinzanso mutu n'kugundika m'mbali. Ndinapinda juzi kumutsamiritsa koma inkangoterereka. Mapeto ake ndinamubereka, chikuku cholipiracho n'kumanyamula zikwama. Kathu kaja ukakoka kachingwe ka kumbuyo mpando umatsika pafupifupi kufika pogona, kadenga n'kutchinga maso, mwana amagona ola lathunthu kapena kuposa ife tikudya nsomba ndi tchipisi pa benchi. Akadzuka amakhala wina, ndipo tsiku limapitirira mpaka kutseka. Akapanda kugona, pofika 3 koloko aliyense amakhala atakwiya, ndalama zolowera zija n'kupita m'madzi.

Legoland Windsor inayesa kachikukuka kuposa kwina konse. Pakiyi, imene inatsegulidwa mu 1996 pamalo pamene kale panali Windsor Safari Park, ili pa chitunda. Mumalowera pamwamba, pomwe nyumba yachifumu ya Windsor Castle imaonekera patali, zokwera zambiri zili kumunsi. Pali sitima ya Hill Train yotsitsa ndi kukweza anthu, koma madzulo aliyense amafuna kukwera nthawi imodzi, ndiye ife timakonda kungokwera chitundacho wapansi. Apa m'pamene chikuku chopepuka chimaonetsa ubwino wake. Potsika napo m'pamene muyenera kudziwa mabuleki anu. Ndikaima kuti ndimange nsapato ya wamkulu, phazi limapita lokha pa buleki chifukwa ndinazolowera pomwe ili. Ku Paultons n'kwathyathyathya, chikuku chilichonse chimayenda bwino, moti kumeneko kusiyana kwa chathu ndi cha hayala kumangotsala pa tulo ndi pa geti.

Pali malo amodzi amene chikuku chilichonse, chanu kapena cha hayala, sichithandiza: pa mzere. Zokwera zambiri salola kulowa ndi chikuku, mumachisiya panja pamodzi ndi zinzake, zili ndondondo ngati njinga za kabaza pa siteji. Ndiye mumaima mphindi makumi atatu, nthawi zina ola, ndi mwana amene sakufuna kuima, sakufuna kunyamulidwa, akufuna kudutsa pansi pa zitsulo. Apa chitenje sichinandikhumudwitsepo. Chimakhala m'kabasiketi ka pansi, sichilemera, sichitenga malo. Ndikawerama, n'kumuponya kumsana, n'kumanga pachifuwa, manja onse awiri amatsala ogwira wamkulu. Mayi wina wachizungu pa mzere wa ku CBeebies Land, chigawo cha ana aang'ono cha ku Alton Towers, anandiyang'anitsitsa mpaka anafunsa ngati mwana sangagwe, ndinamuonetsa mmene mfundo imagwirira pamwamba ndi pansi. Apongozi anga atabwera mu Ogasiti anaseka poona katundu amene timanyamula. "Inu amake mwana, msana muli nawo, chigaleta chonsechi n'cha chiyani?" Koma litafika dzuwa la masana, iwo omwe anati, "Mugonekeni m'chikukumo apume, kumsana kwatentha." Zoona zake n'zakuti ziwirizi zimathandizana. Kubereka mwana wa makilogalamu 12 kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, pa simenti, msana umadandaula mawa lake.

Pa chitenje chomwechi ndichenjeze amayi anzanga, chifukwa ndi chizolowezi chathu ndipo timachita ndi mtima wabwino. Mwana akagona m'chikuku, dzanja limathamangira kufunditsa chikuku chonse ndi nsalu kuti dzuwa lisamuwombe. Musatero. Bungwe la Lullaby Trust, limene limaphunzitsa za kagonedwe kotetezeka ka makanda kuno, limaletsa kuphimba chikuku ndi bulangete kapena nsalu, chifukwa mpweya suyenda, mkati mumatentha kwambiri, komanso mwanayo simumuona. Tisanyengeke kuti kuno n'kozizira. Mu Julaye 2022 kutentha kunapitirira madigiri 40 ku England. Kankhirani chikuku pa mthunzi, tsitsani kadenga kake, ndipo muzimugwira pakhosi kapena pachifuwa kuona ngati watentha.

Tsopano za kachikuku kenikeniko, mmene kalili patatha miyezi yonseyi. Mafupa ake a aluminiyamu akadali olimba, sikagwedera. Popindira pankayamba kulimba chapakati pa chaka chifukwa cha mchenga ndi zinyenyeswa za mabisiketi, ndinatsuka ndi burashi yakale ya mano n'kudonthezera mafuta pang'ono, pano kamapindika ndi dzanja limodzi ndi phazi. Matayala ndiwo aonetsa ukalamba. Ndi ang'onoang'ono, apulasitiki, a kutsogolo adyeka mbali imodzi ndipo lakumanzere limanjenjemera ukathamanga. Pa simenti kapena pa tala palibe vuto, koma pa miyala ya m'malo oimika magalimoto ndi pa udzu wonyowa kamakana, umachita kukapendeketsa n'kumakoka chobwerera ndi matayala a kumbuyo. Siponji ya pa zogwirira yang'ambika, ndinakulungapo tepi yakuda. Nsalu ya mpando yasuluka koma imachapika, ndipo madontho a ayisikilimu amachoka ndi sopo wa mbale. Pulasitiki yotchinga mvula inang'ambika pa ngodya mwezi wachitatu, ndinagula ina yotchipa. Imeneyo musaiwale, mvula ya kuno siwuza munthu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa zikuku zopepukazi n'kugudubuzika chagada. Kabasiketi ka pansi n'kakang'ono, ndiye munthu umakopeka kukoleka chikwama pa zogwirira. Mwana akakhalamo zimaoneka bwinobwino, koma akangotsika, chikuku chimagwa chagada ndi katundu yense, ndipo ngati ali mkati n'kudzikankhira kumbuyo akhoza kugwa nacho. Ife tinagwirizana kuti zolemera, mabotolo a madzi ndi chakudya, zizikhala m'chikwama cha kumsana kwa bambo ake, pansi pazikhala chitenje, majekete ndi matewera basi. Pogula chakale, yang'ananinso kachikwangwani ka pa chitsulo. Zikuku za kuno zimayesedwa pa muyezo wa EN 1888, zina zimalekezera pa makilogalamu 15, zina zimafika 22. Kathu ndi ka 15, ndiye mtsikana wathu sakwera ngakhale atachonderera bwanji. Onaninso kuti malamba onse asanu alipo ndipo chomangira chake chikugwira.

Za kuba ambiri munafunsa. Chathu sichinasowepo. Chimene chimachitika n'chakuti ogwira ntchito amasuntha zikuku kuti njira ikhale yotseguka, ndiye ukatuluka umapeza sichili pomwe unachisiya, mtima n'kugunda. Ndinamanga kansalu kofiira ka chitenje pa chogwirira, ndimachiona ndili patali. Foni, makiyi ndi kachikwama ka ndalama sizitsala m'chikuku. Ubwino wina wa chakale ndi womwewu, sudera nacho nkhawa ngati mmene ungachitire ndi cha mapaundi mazanamazana. Chachikulu chimene tinagula mwana atabadwa chimatsala kunyumba, chimadzaza buti yonse ndipo pa sitima chimavuta.

Nanga hayala ndi ya ndani? Ndi ya mtsikana wathu wa zaka 5 uja. Kunyumba chikuku anasiya kalekale, kusukulu amayenda yekha, ndipo sindingagule china chifukwa cha masiku ochepa pa chaka. Koma paki yaikulu imamalizitsa mwana mphamvu. Chapamadzulo amayamba kutsalira m'mbuyo, kenako umamva, "Adadi, ndinyamuleni." Tsiku lina ku Alton Towers bambo ake anamunyamula paphewa kuchokera mkati mpaka ku galimoto, usiku wonse akudandaula khosi. Kuyambira pamenepo, tikadziwa kuti tikhala mpaka kutseka, timamuchitira hayala mtsikanayu, mng'ono wake ali m'kathu. Iye sagona masana, kulimba kwa mpando sikumuvuta, amakwera akatopa n'kutsika akaona chomukopa, ndipo pa geti amakhala atapuma mokwanira kuyenda yekha mpaka ku galimoto. Hayala imathandizanso mukakhala ndi galimoto yaing'ono yodzaza anthu, kapena mwabwera ndi ana a abale ongocheza. Pamasiku a tchuthi cha sukulu fikani m'mawa, chifukwa zikuku za hayala zimatha, makamaka za ana awiri. Ndipo za hayala zonse zimafanana, ndiye mangiraniponso chizindikiro chanu, apo ayi wina atenga chanu pamodzi ndi majekete anu mosadziwa.

Pa ndalama masamu ake ndi achidule. Kumene ife tachitapo hayala timalipira mapaundi khumi ndi kanthu pa tsiku, kwina amafunanso chikole chimene amabweza madzulo. Ngati mumapita kamodzi pa chaka, palibe chodandaulitsa. Ngati muli ndi chiphaso cha chaka chonse, maulendo anayi okha mwalipira kale mtengo wa chikuku chakale, chimenenso mudzapita nacho kumsika, kutchalitchi ndi ku chipatala cha ana.

Chaka chamawa kachikukuka tikagwiritsabe ntchito. Ndapeza matayala a kutsogolo ogwirizana nako pa intaneti, bambo ake alonjeza kuwasintha nthawi ya Khirisimasi. Mnyamatayu akadzapitirira makilogalamu 15 kapena akadzasiya kugona masana, chimene chidzayambe pa ziwirizi, tidzakapereka kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene wachira kumene, ife n'kuyamba kuchita hayala chikuku cha ana awiri pa masiku ataliatali okha.