Zitsulo, kuthamanga kapena kupumira: ziti zimachedwetsa ukalamba wa maselo?

Mnyamata wa ku Salima kuno akaganiza zolimbitsa thupi, nthawi zambiri amayambira pa zitsulo. Amathira simenti m'zitini ziwiri za penti, kulowetsa paipi pakati, basi madzulo aliwonse ali kuseri kwa nyumba. Ena amalawira kuthamanga mumsewu wa ku Senga Bay dzuwa lisanakwere. Anyamata a mpira ali ndi yawo: kuliyatsa liwiro kwa mphindi zingapo, kupumira, kenako kubwerezanso. Onsewa thukuta amatuluka, koma zimene zimachitika mkati mwa maselo awo sizifanana.

Nkhani yagona pa matelomere. Timeneti ndi tizigawo tokhala kunsonga kwa ulusi wa DNA m'maselo athu, ndipo ntchito yake ndi yonga ya mfundo ija msodzi amapanga akaotcha nsonga ya chingwe cha nayiloni kuti chisamasuke. Selo likagawikana, nsongazi zimafupika pang'ono. Zikafupikitsa, selolo limaleka kugawikana, lakalamba. Thupi lili ndi chozitalikitsira chotchedwa telomerase, ndipo Elizabeth Blackburn, Carol Greider ndi Jack Szostak analandira mphoto ya Nobel mu 2009 chifukwa chotulukira mmene zonsezi zimayendera.

Njira zitatuzi anaziikapo pasikelo imodzi ku Germany. Christian Werner, Ulrich Laufs ndi anzawo anatenga anthu athanzi koma amene sankachita masewera, n'kuwagawa m'magulu: othamanga mtunda mosapupuluma, othamanga mopumira, onyamula zolemera pamakina, ndi ena oti apitirize moyo wawo wakale. Masewera anali a mphindi 45, katatu pa sabata, kwa miyezi 6, ndipo anthu 124 ndiwo anamaliza. Zotsatira zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya European Heart Journal: mwa othamanga a magulu awiri aja, telomerase inkagwira ntchito kuwirikiza kawiri kapena katatu, ndipo matelomere a m'maselo oyera a magazi anatalikirako. Mwa onyamula zolemera, kusintha kumeneku sikunaoneke. Ofufuzawo anaganizira kuti mwina chinsinsi chili m'mitsempha: magazi akathamanga kwa nthawi yaitali, mitsempha imatulutsa mpweya wambiri wotchedwa nitric oxide, umene umateteza maselo.

Izi zikhoza kumupweteka mtima wa zitini za simenti uja, koma asazitaye. Zitsulo zili ndi ntchito imene kuthamanga sikungakwanitse bwino. Munthu akamakula mnofu umachepa, mafupa amafooka, ndipo zimene zimachititsa gogo kulephera kudzuka pamkeka si matelomere ayi, ndi ntchafu zopanda mphamvu. N'chifukwa chake bungwe la WHO limalangiza akuluakulu masiku osachepera 2 pa sabata olimbitsa minofu, pamwamba pa mphindi 150 mpaka 300 za masewera opumitsa befu pang'ono. Chimene ndikukana ine ndi maganizo oti chifuwa chikatambalala ndiye kuti mwamaliza. Zitsulo zikhale ndiwo, nsima ikhale ina.

Pakati pa kuthamanga mtunda ndi kupumira, kafukufuku uja sanapeze wopambana woonekeratu, ndiye tisankhe poona mmene tikukhalira kuno. Kupumira kwa m'kafukufukuyo kunali kwa mphindi 4 zaliwiro, kubwereza kanayi, n'kumapuma pakati. Kumakoma kwa amene anazolowera kale, ndipo bwalo la mpira la pasukulu limakwana. Vuto ndi kutentha kwa kunyanja. Mu Okutobala, pofika 8 koloko mchenga umakhala ukuotcha kale mapazi, ndipo kukankha mtima kufika pamapeto m'dzuwa lotere ndi kudziputira chizungulire. Amene ali ndi BP kapena shuga ayambe aonana ndi adokotala.

Ine voti yanga ili pa kuyenda ndawala, kuthamanga pang'onopang'ono kapena kupalasa njinga. Sikulira ndalama, mayi wa zaka 55 angathe ngati mmene angathere mwana wake, ndipo munthu satopa nako n'kusiya pakatha mwezi. Muyeso wake ndi wapafupi: muzitha kulankhula ndi mnzanu, koma nyimbo ikukanikeni. Njinga ilinso ndi ubwino wosapweteka mawondo, ndipo msewu wochoka pa boma kupita ku Senga Bay, wa makilomita pafupifupi 20, mbali yaikulu ndi wosakwera. Samalani magalimoto okha, makamaka kumapeto kwa sabata alendo a ku Lilongwe akamatsikira kunyanja.

Kuchuluka kwa masewerawo n'kofunikanso. Mu 2017, Larry Tucker wa ku Brigham Young University anaunika anthu 5,823 a ku America, n'kupeza kuti ochita masewera kwambiri anali ndi matelomere ofanana ndi a munthu wocheperapo ndi zaka pafupifupi 9 poyerekeza ndi ongokhala. "Kwambiri" kwake kunali kuthamanga mphindi 30 kwa amayi kapena 40 kwa abambo, masiku 5 pa sabata. Ochita mwa apo ndi apo sanasiyane kwenikweni ndi ongokhala. Kafukufukuyu anangoyerekeza anthu pa nthawi imodzi, choncho sakutsimikiza kuti masewera okhawo ndiwo anachititsa kusiyanako, koma akugwirizana ndi wa ku Germany uja. Ndiye ngati sabata yanu ili ndi masiku 5 a masewera, atatu apatseni msewu m'mamawa, awiriwo zitini za simenti zija.