Raspberry Pi ndi Navidrome: mawu a bambo anatipeza ku Ntchisi

Papita miyezi isanu chigulireni kabokosi aka, kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi 4 koikidwa Navidrome, pulogalamu yomwe imatumiza nyimbo zako ku foni kudzera pa netiweki, ku shopu ina ya makompyuta muno mu Lilongwe. Ndalama ya kuseta amalipiritsa payokha.

Abambo a pakauntala anandilonjeza kuti nyimbo zanga ndizimvera kulikonse komwe ndili. Kunyumba pa WiFi zinkalira bwinobwino, koma kungotuluka pageti, zii. Ndinabwererako katatu. Poyamba akuti vuto ndi foni yanga, kachiwiri akuti bandulo yandithera, kachitatu anandiyankha maso ali pa foni yawo, ngati ndabwera kudzapempha. Chaja chomwe anandipatsanso chinali cha foni wamba, pomwe kabokosika kamafuna 5V 3A, ndiye hard drive inkangodukaduka nyimbo ili pakati. Zinandiwawa kwambiri.

Anapeza vuto ndi mwana wa achemwali anga. Rauta yathu ndi yoika SIM khadi, ndipo pa netiweki zoterezi anthu ambiri amagawana adiresi imodzi ya pa intaneti, choncho kutsegula port 4533 (khomo lofikira ku Navidrome) komwe anachita ashopu pa rauta kunali kutaya nthawi. Iye anaika Tailscale, pulogalamu yaulere yolumikiza zipangizo zako ngakhale zili kutali, pa kabokosi ndi pa foni, basi zinatheka.

Chandipangitsa kulemba ndi cha mwezi wathawu. Tinapita kumudzi ku Ntchisi pa mwambo wa chiliza cha bambo. Iwo ankatsogolera kwaya ya kumpingo, ndipo makaseti omwe ankajambula ndinawasamutsira pa kompyuta kalekale. Madzulo titakhala pamkeka, azakhali anandifunsa kuti, "Mwanawe, nyimbo ija ankayambitsa achimwene pa Khirisimasi uli nayo?" Mtima unagunda, chifukwa netiweki ya kwathuko ndi yochita kukwerera pachulu. Mwamwayi ndinali nditaseta kuti nyimbo zizibwera pa MP3 ya 128 kbps, yomwe imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, osati mafayilo olemera aja a FLAC. Ndinaika foni pamwamba pa mtondo pomwe panagwira timizere tiwiri, n'kulumikiza kasipika. Kachizindikiro ka pa foni kanazungulira, kanazungulira, kenako tinamva kuphwephwera kwa kaseti, bambo akukonza kukhosi, n'kuyambitsa nyimbo. Amayi anadziphimba kumaso ndi chitenje. Azakhali anayamba kuvomera, amayi a m'nyumba zoyandikana anabwera n'kukhala pansi, onse akuyimba ndi munthu amene tinamuika m'manda chaka chatha. Tinamvera kaseti yonse mpaka sipika inatha moto. Kabokosi kali phee pashelefu ku Lilongwe, ife tikulira ndi kuyimba ku Ntchisi.

Usiku umenewo mkwiyo wanga pa shopuyi unatsikako. Nyimbo ija ndinaipeza msanga chifukwa mnyamata wina wogwira ntchito kumbuyo kwa shopuyo anakhala nawo pansi makaseti onse, kuwasanja ndi kulemba mayina molondola. Nditamuuza za chaja, anabweretsa choyenera kunyumba osandilipiritsa. Ameneyo ndi munthu. Koma a pakauntala aja sindinawakhululukirebe, mpaka lero sanapepese.

Musanagule dziwani kuti magetsi akazima kunyumba, nyimbo zazimanso kulikonse komwe muli, ndiye ine ndagula ka UPS, kabatire kosunga moto, ka rauta ndi kabokosi komwe. Bandulo imathanso mbali zonse ziwiri, ya pa foni ndi ya pa rauta. Nyimbo zomwe mumakonda kwambiri muzizisungiratu pa foni musananyamuke.

Kabokosiko ndikukapatsa nyenyezi zisanu, shopuyo zitatu, ndipo zitatuzo ndi za mnyamata uja. Mukapita, funsani kuti akuikireni Tailscale pomwepo, muzimitse WiFi, muyese ndi bandulo yanu musanalipire.