Malamulo a Sewero Lathu la LARP Patapita Miyezi Tikuwagwiritsa Ntchito

M'ndemanga yanga yoyamba ndinayamikira buku la malamulo a sewero lathu la LARP chifukwa gawo la nkhondo ndi lalifupi, komanso dziko lake longopeka linalembedwa mosamala. Kwa amene sanalionepo, LARP (chidule cha mawu achingerezi akuti Live Action Role-Playing) ndi sewero limene aliyense amavala ndi kuchita ngati mtengambali wake, popanda oonerera kapena mawu oloweza. Tsopano papita miyezi yambiri tikusewera, ndipo ndaona kuti lamulo lokhalitsa ndi lokhalo limene munthu angalikumbukire ali wefuwefu, mdani ali pamsana pake ndi lupanga.

Malamulo a nkhondo apirira bwino kwambiri. Aliyense amayamba ndi mphamvu zowerengeka, akamenyedwa kamodzi imodzi imachoka, ndipo malaya achikopa kapena achitsulo amawonjezerapo zingapo. Munthu amadziwerengera yekha, choncho zonse zatsamira pa chilungamo cha osewera, ndipo n'zosangalatsa kuti onama amachepa okha chifukwa anzawo amasiya kumenyana nawo. Timamenyana ndi zida zasiponji, ndipo njira imeneyi si yachilendo, pakuti zida zoterezi zinkagwiritsidwa kale ntchito ndi gulu la Dagorhir, lomwe linayamba mu 1977 kufupi ndi mzinda wa Washington, D.C., ku America, ndiponso m'sewero la Treasure Trap, lomwe linayamba mu 1982 ku Peckforton Castle ku England. Lamulo loletsa kubaya ndi nsonga ndinalimvetsa bwino nditaona woyendera zida akugwira ntchito yake. Amayendetsa chala chachikulu m'mbali mwa lupanga, kenaka n'kufinya kunsonga kuti amve ngati kamtengo kolimba ka m'kati kayamba kuboola siponji. Malupanga amene ankaoneka atsopano pachiyambi ena akanidwa kale, chifukwa labala wokutira kunja amang'aluka akasungidwa potentha, ndipo siponji imafooka msanga ngati mwini wake amakonda kutsamira lupanga pansi.

Gawo la matsenga ndiye landikhumudwitsa, ndipo ndikhalitsapo chifukwa vuto lake silioneka powerenga. Bukuli lili ndi matsenga ambirimbiri, aliwonse ndi mawu ake otamanda mizimu, dzina lake lofuula, ndi nthawi yake yogwira ntchito. Wamatsenga amaloweza zake n'kuponya kathumba kansalu kokhala ndi njere, koma amene akuyenera kudziwa tanthauzo lake ndi woponyedwayo, yemwe mwina ndi msilikali amene sanawerengepo gawo limenelo. Usiku wina, nkhondo ili m'kati, kathumba kanam'genda mnzathu pachifuwa, wamatsenga n'kufuula dzina la temberero, ndipo mnzathuyo anangoima chilili, chishango chili m'manja, n'kufunsa ngati wafa, wagona kapena wachita khungu. Onse ozungulira anatsitsa zida kudikira woyang'anira sewero, ndipo mantha amene tinali nawo anathera pomwepo. Zoterezi zachitika kawirikawiri moti amatsenga athu asiya okha matsenga ovuta, n'kutsala ndi ochepa amene mawu ake amanena chochita, monga akuti "igwa pansi" kapena "bwerera m'mbuyo". Ku Germany kuli magulu amene amasewera popanda kuwerenga mphamvu, potsata mfundo yakuti munthu angathe chilichonse chimene angachionetse mokhutiritsa. Sindikufuna kuti tifike pamenepo, koma alembi athu akanaphunzirako kuti woponyedwa sayenera kusenza buku m'mutu.

Lamulo la ovulala ndi labwino, ndipo lisasinthidwe. Mphamvu zikatha, munthu amagwa n'kumawerenga chamumtima mphindi zochepa, ndipo wochiritsa akapanda kufika ndi nsalu zomangira mabala, mtengambaliyo wafa basi. Mawu oimitsa sewero lonse pakachitika ngozi yeniyeni nawonso amamveka ndipo aliyense amawalemekeza.

Pa za dziko longopekalo, masamba ofotokoza mibadwo ya mafumu akale ndi nkhondo za milungu palibe amene amawatchula pabwalo, ngakhale kuti ndi okoma kuwerenga. Chimene chakhala chikuyendetsa sewero miyezi yonseyi ndi ndime yaifupi yonena kuti mabanja atatu achifumu amadalira mlatho umodzi, ndipo woulamulira amasankhidwa ndi bwalo la akuluakulu nyengo iliyonse. Ndime imeneyi yabala ngongole, maukwati a ndale, ziphuphu za tindalama tachitsulo ta m'seweromo, ngakhalenso kuperekana pakati pa abale. Ndaona anthu akukambirana za msonkho wa pamlatho mpaka pakati pa usiku osasolola lupanga n'kamodzi komwe, nkhope zili gwa, chifukwa aliyense anali ndi chinthu chimene ankachifuna kwa mnzake. Mitundu ya zolengedwa zosakhala anthu yachepa pabwalo, chifukwa zophimba kumaso zalabala zimatentha ndipo zimabisa mawu, moti ambiri amene anaisankha anabwerera kukhala anthu wamba.

Vuto limene likukula mwakachetechete ndi la mphotho za luso. Wosewera amalandira mapointi pa msonkhano uliwonse n'kugula maluso atsopano, ndipo bukuli silinaike malire. Amene tinayamba kale tsopano timapirira mikwingwirima imene ingaphe wobwera kumene kangapo konse, ndipo ndaona achinyamata ofika ndi chidwi akugwa m'mphindi yoyamba ya nkhondo iliyonse mpaka kuleka kubwera. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa ndi iwowo amene amadzaza bwalo la akuluakulu ndi nkhope zatsopano. Pempho langa kwa alembi pamene akukonza buku lotsatira n'lakuti mphamvu za thupi zikhale ndi polekezera, ndipo mapointi otsala azigulira udindo, malo kapena mawu m'bwalo, zinthu zimene wobwera kumene angathe kulanda mwanzeru ngakhale pa tsiku lake loyamba.