Homegirl Café ku Los Angeles: chakudya cha m'mawa ndi mwana wanga

Malowa anasankha ndi mwana wanga wamwamuna. Tinakwera sitima m'mawa wa Lachitatu, n'kutsikira pa siteshoni ya Chinatown, ndipo titayenda pang'ono tinafika pa Bruno Street pomwe pali likulu la Homeboy Industries, bungwe lothandiza anthu otuluka kundende ndi osiya magulu a zaumbanda. Homegirl Café ili m'nyumba yomweyo. Ukangolowa umamva fungo la khofi ndi buledi wongophulidwa kumene, ndipo anthu amakhala pikitipikiti, ena kudzadya, ena kulowera kumakalasi ndi kumaofesi.

Amene anatilandira anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wangayu. M'khosi mwake munali tattoo yomwe inkaoneka kuti ikufufutidwa, mbali ina yakuda bii, mbali ina itatuwa ngati inki yogwera madzi. Bungweli limafufuta ma tattoo a magulu a zaumbanda mwaulere, pogwiritsa ntchito makina a laser, ndipo munthu amabwerera kangapo kuti itheretu. Mtsikanayo sanabise khosi lake. Anatifotokozera zakudya modekha, nabwereza oda yathu kuti asalakwitse, ndipo poika mbale patebulo anaitembenuza kuti mbali ya mazira iyang'ane kwa ine. Kanthu kakang'ono, koma ndinakaona.

Ndinaitanitsa chilaquiles. Ndi tizidutswa tokazinga ta tortilla, buledi wopyapyala wa ufa wa chimanga, tomwe amatisakaniza ndi msuzi wa tsabola, pamwamba n'kuika mazira ndi tchizi. Chinsinsi chake ndi nthawi: akachedwa kubweretsa, tortilla imalowa madzi n'kukhala phala. Yanga inafika pakati itafewa, m'mphepete ikadali khirichikhirichi. Tsabola wake ndi woti umamumva koma sakulanda kukoma kwa zina. Mwana wanga anadya ma taco atatu osatukula mutu. Khofi anali wotentha bwino, ndipo chakudyacho chinali chokwanira munthu wamkulu wogwira ntchito yamanja. Ngakhale mutakhala kuti simukudziwa mbiri ya malowa, mukhoza kubweranso chifukwa cha mbale yokhayo.

Koma ife sitinabwerere mbale yokha. Mu 2012 mwana wanga anagwidwa ndi cocaine wochepa m'thumba, wogwiritsa ntchito yekha. Nthawi imeneyo ku California umenewu unali mlandu waukulu. Anali ataphonyapo kale mwayi wa chithandizo chosiyira mankhwala, choncho anakalowa kundende. Miyezi imene anali m'kati ndinkalipira ndekha lendi yomwe tinkagawana, kuika ndalama pa akaunti yake ya foni ndi ya sopo, komanso kugulira mdzukulu wanga matewera. Munthu mmodzi akamangidwa, thumba la banja lonse limamangidwa naye.

Mu November 2014 anthu a ku California anavomereza Proposition 47, yomwe inatsitsa mlandu wopezeka ndi mankhwala osokoneza bongo ogwiritsa ntchito wekha kukhala waung'ono. Tinalemba mapepala kukhoti, mlandu wake unatsitsidwa, ndipo tsiku limenelo ndinalira ndi chimwemwe. Ndinkaganiza kuti zatha. Ayi ndithu. Kuyambira 2018 lamulo la boma lino limaletsa olemba ntchito ambiri kufunsa za milandu asanakulonjeze ntchito, koma kampani ina yosunga katundu inamulonjeza, inamuyeza saizi ya yunifolomu, kenaka itafufuza mbiri yake inatumiza kalata yobweza lonjezolo. Kalatayo anaipinda kanayi n'kuisunga m'chikwama mwake miyezi yambiri. Zinachitika chonchi katatu, m'malo osiyanasiyana.

Ndiye mumvetse chifukwa chake ndinkayang'ana kwambiri manja a anthu a m'khitchini muja. Bambo Greg Boyle, wansembe wa chipani cha Jesuit, anayamba ntchitoyi mu 1988 ali pa parishi ya Dolores Mission ku Boyle Heights, ataona kuti palibe amene ankafuna kulemba ntchito anyamata ochokera m'magulu a zaumbanda. Mu 1992 anatsegula bekale yawoyawo. Lero munthu wotuluka kundende kapena wosiya gulu amalowa pulogalamu ya miyezi 18, momwe amalandira malipiro uku akuphunzira ntchito, kupeza uphungu ndi thandizo losiyira mankhwala. Chimene ena amachitenga ngati chifukwa chokukanira, pano ndi chimene amakulandirira nacho.

Pafupi ndi tebulo lathu bambo wina wa imvi ankapukuta pansi. Anthu a msinkhu wake ndiwo anakumana ndi lamulo la dziko lonse la 1986, lomwe linkati magalamu 5 a crack, mtundu wa cocaine wouma ngati timiyala, ndi zaka zisanu m'ndende, chilango chofanana ndi cha magalamu 500 a cocaine wa ufa. Crack ankapezeka kwambiri m'madera osauka a anthu akuda, choncho ndiwo anadzaza ndende. Kusiyana kwa 100 kwa 1 kuja kunatsitsidwa kufika pa 18 kwa 1 mu 2010, ndipo lamulo la First Step Act la 2018 ndilo linalola omangidwa kale kupempha kuti zilango zawo ziunikidwenso. Koma munthu wolowa ali mnyamata n'kutuluka ndi imvi, alibe penshoni, alibe luso la kompyuta, amalowera kuti?

Ine ndimalipira msonkho, ndipo zimandiwawa. America ili ndi anthu pafupifupi 2 miliyoni m'ndende. Ku California kokha, kusunga mkaidi mmodzi kumadya madola pafupifupi 130,000 pa chaka. Ndende za kuno zinadzaza mpaka mu 2011 Khoti Lalikulu la dziko linalamula kuti chiwerengero cha akaidi chitsike. Ndalama zomwe zinapulumuka chifukwa cha Proposition 47 zinkapita kuchithandizo cha odwala maganizo ndi osuta, kusukulu, ndi kwa anthu olakwiridwa. Mu November 2024 ovota anavomereza Proposition 36 yomwe inabwezeretsa zilango zina zokhwima. Sindiwanyoza, chifukwa mankhwala osokoneza bongo a fentanyl akupha ana a anthu ndipo kuba m'masitolo kwatopetsa ambiri. Koma ndikaika madola 130,000 aja pambali pa mtsikana amene anatembenuza mbale yanga, yemwe tsopano amalandira malipiro n'kumalipiranso msonkho ngati ine, mtima wanga umadziwa kumene ndikufuna ndalama yanga ipite.

Mukafuna kupitako, pitani m'mawa, ndipo musathamange. Anthu ena amene akukutumikiraniwo ali m'masabata awo oyamba a ntchito yoyamba m'moyo wawo. Musawafunse kuti anamangidwiranji. Siyani tip yabwino.

Mwana wanga tsopano amagwira ntchito yoika mapaipi, kwa bwana wina amene anawerenga mbiri yake n'kumulembabe. Bilu itabwera ndinatulutsa chikwama, koma anandigwira dzanja.

"Amayi, lero ndilipira ine."

Analipira ndi khadi yake, nawonjezera buledi awiri wa ku bekale yawo, wina wanga, wina wa mwana wake.